Lamulo linalipo, ufulu panalibe: mmene anthu akuda a ku America analimbanirana ndi tsankho

M'chaka cha 1896, m'chigawo cha Louisiana kum'mwera kwa dziko la America, anthu akuda oposa 130,000 anali m'kaundula wa oponya voti. Pofika chaka cha 1904 m'kaundulamo munatsala mayina 1,342 okha. Anthuwo sanafe ndi mliri, komanso sanasamuke. Anali pomwepo, akulima thonje ndi nzimbe monga mwa masiku onse. Chimene chinachitika n'chakuti mu 1898 azungu olamulira chigawocho anakhala pansi n'kulemba malamulo atsopano a kalembera, ndipo m'zaka zochepa chabe mtundu wonse unafafanizidwa pa nkhani ya chisankho.

Ambiri timaidziwa nkhani ya anthu akuda a ku America kuyambira pa basi ya Mayi Rosa Parks ndi pa maulaliki a Mbusa Martin Luther King. Vuto loyambira pamenepo n'lakuti tsankho limaoneka ngati khalidwe loipa chabe la azungu ena, lotsalira nthawi ya ukapolo, limene linkangodikira mlaliki wabwino kuti lithe. Zoona zake n'zowawa kuposa apo. Anthu akuda anali ataponyapo kale voti, atakhalapo kale m'nyumba za malamulo, ndipo ufuluwo anachita kulandidwa mwadala, ndi cholembera komanso ndi mfuti. Nkhondo ya m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 inali yokakamiza dziko kuti limvere malamulo ake omwe, amene linalemba zaka pafupifupi 90 m'mbuyomo.

Ku Virginia akapolo oyamba ochokera ku Africa anatsitsidwa m'ngalawa mu 1619. Pofika 1860 akapolo m'dzikomo anali pafupifupi 4 miliyoni, ambiri m'minda ya thonje ya kum'mwera. Mu 1857 khoti lalikulu la dzikolo, pa mlandu wa kapolo wina dzina lake Dred Scott, linagamula kuti munthu wakuda, kaya kapolo kaya mfulu, sangakhale nzika ya America. Ukapolo unatha chifukwa cha nkhondo yapachiweniweni ya 1861 mpaka 1865 pakati pa zigawo za kumpoto ndi za kum'mwera, imene inapha anthu oposa 600,000, ndipo asilikali akuda pafupifupi 180,000 anamenya nawo kumbali ya kumpoto. Nkhondo itatha, malamulo oyendetsera dziko anawonjezeredwa mfundo zitatu. Ya 1865 inathetsa ukapolo. Ya 1868 inati aliyense wobadwira m'dzikomo ndi nzika, ndipo lamulo limuteteze mofanana ndi wina aliyense. Ya 1870 inaletsa kumana mwamuna voti chifukwa cha khungu lake. Amayi, oyera ndi akuda omwe, anadikira mpaka 1920.

Zimene zinatsatira n'zodabwitsa ngakhale lero. Amuna amene zaka zochepa m'mbuyomo ankagulitsidwa pamsika anaima pamzere kuponya voti. Mu 1870 a Hiram Revels anakhala munthu wakuda woyamba kulowa m'nyumba ya malamulo ya Senate, akuimira Mississippi. Anthu akuda pafupifupi 2,000 anagwira maudindo a boma pa nyengo imeneyo, ndipo maboma amene iwo ankatenga nawo mbali ndi omwe anayambitsa sukulu zaulere m'madera ambiri a kum'mwera, sukulu zimene ana a azungu osauka nawonso anapindula nazo. Koma zonsezi zinkadalira asilikali a boma la dziko lonse amene anatsalira kum'mwera. Gulu la Ku Klux Klan, limene linayambira ku Tennessee nkhondo itangotha, linkayenda usiku kuwotcha sukulu ndi kupha oponya voti. Anthu a kumpoto anagwa mphwayi. Mu 1877, pa mgwirizano wa andale wothetsa mkangano wa chisankho cha pulezidenti, a Rutherford Hayes anapatsidwa mpando ndipo asilikali analeka kuteteza maboma a kum'mwera. Anthu akuda anasiyidwa m'manja mwa omwe anali ambuye awo.

Mmene voti inabedwera

Dziko la America lili ndi zigawo, ndipo chigawo chilichonse chili ndi bwanamkubwa wake, nyumba yake ya malamulo, ndi mphamvu yoyendetsa kalembera wa chisankho. Mpata unali pamenepo. Mfundo ya 1870 inaletsa kutchula khungu, choncho olemba malamulo sanalitchule. Mississippi inayamba mu 1890 ndipo zigawo zina zinatengera. Anaika msonkho wa voti, ndalama imene mlimi wosauka sakanaipeza. Anaika mayeso owerenga ndi kumasulira ndime ya malamulo a chigawo, ndipo wokhoza kapena wolephera ankamutchula ndi kalaliki wa kalembera, mzungu, mmene wakondera. Kuti azungu osaphunzira asagwe nawo mu msamphawu, Louisiana ndi zigawo zina zinati amene bambo ake kapena agogo ake ankaponya voti chisanafike chaka cha 1867 asalembe mayeso. Agogo a anthu akuda pa nthawiyo anali akapolo. Kenaka chipani cha Democratic, chimene chinali chokhacho chopambana kum'mwera, chinati zisankho zake zachipulula ndi za azungu okha.

Voti ndiyo inali muzu wa zina zonse. Ku America mkulu wa polisi wa m'dera amasankhidwa ndi voti. Komiti yogawa ndalama za sukulu imasankhidwa ndi voti. Anthu wamba 12 amene amagamula m'khoti ngati woimbidwa mlandu ali wolakwa ankatengedwa kawirikawiri m'kaundula wa oponya voti. Munthu wochotsedwa m'kaundula ankataya zonsezi nthawi imodzi, ndipo panalibe wandale womuopa.

Makhoti anadalitsa zimenezi. Mu 1892 a Homer Plessy, osoka nsapato a ku New Orleans, anakhala dala m'ngolo ya sitima ya azungu kuti lamulo liyesedwe. Mu 1896 khoti lalikulu linagamula kuti kulekanitsa mitundu n'kololedwa bola zinthu za mbali zonse zikhale zofanana. Woweruza mmodzi yekha, John Marshall Harlan, ndiye anakana. Chigamulochi chinatsegula khomo la malamulo otchedwa Jim Crow: sukulu zosiyana, zipatala zosiyana, mipope yomwera madzi yosiyana, manda osiyana, ndipo m'makhoti ena Baibulo lolumbirira nalonso linali losiyana. Kulekanitsako kunkatsatidwa mosaphonya. Kufananako palibe anakulabadira.

Pa chuma, malo ambiri anakhalabe a eni akale. Banja lakuda linkalima munda wa mzungu, likutenga mbewu, chakudya ndi zovala pangongole kusitolo ya mwini munda, ndipo pokolola mwini munda yemweyo ndi amene ankawerengera. Amene anaonapo moyo wa matenanti m'maesiteti a fodya akudziwa mmene chaka chimathera ngongole ili chikhalire. Wothawa ankatha kumangidwa pa mlandu wa kuyendayenda, ndipo akaidi ankabwereketsedwa kwa eni migodi ndi eni njanji. Pamwamba pa zonse panali imfa. Sukulu ya Tuskegee inawerenga anthu akuda 3,446 ophedwa ndi magulu a anthu popanda kuzengedwa mlandu pakati pa 1882 ndi 1968, ambiri mopachikidwa pamtengo, ena mowotchedwa, khamu likuonerera ndi kujambulitsa zithunzi. Mayi Ida B. Wells, mtolankhani wa ku Memphis, anayamba kufufuza imfazi mu 1892 mnzawo Thomas Moss ataphedwa. Mlandu weniweni wa Moss unali wakuti golosale yake inkalanda makasitomala a mzungu. Mayi Wells anaonetsa ndi maumboni kuti nkhani ya kugwirira akazi achizungu, imene opha ankabisalamo, nthawi zambiri inali yabodza. Ofesi ya nyuzipepala yawo inaphwanyidwa, ndipo anakhala zaka zambiri osapondanso kum'mwera.

Iyi ndi America imene John Chilembwe anaipeza pamene anafika ndi Joseph Booth mu 1897, chaka chimodzi chigamulo cha Plessy chitaperekedwa. Anaphunzira ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia, pa sukulu ya ubusa ya mpingo wa Baptist wa anthu akuda, ndipo atabwerera mu 1900 n'kutsegula Providence Industrial Mission ku Mbombwe ku Chiradzulu, ndalama ndi antchito monga Landon Cheek ndi Emma DeLany zinachokera ku mipingo ya anthu akuda omwewo. Dr. Daniel Malekebu ndi Dr. Kamuzu Banda onse anaphunzira udokotala ku Meharry ku Nashville, sukulu imene inalipo chifukwa sukulu za azungu kum'mwera sizinkalandira munthu wakuda. Si bwino kunena kuti kuukira kwa 1915 kunabadwira ku Virginia, chifukwa thangata, msonkho ndi kutengedwa kwa anyamata kupita ku nkhondo anali madandaulo a kuno kwathu. Komabe anthu amene ankamanidwa voti kwawo ndi omwe ankasonkha m'matchalitchi kuti ana a ku Nyasaland aphunzire, ndipo ngongole imeneyi sitiikumbukira mokwanira.

Njira ya khoti, ndi malire ake

Bungwe la NAACP, lomenyera ufulu wa anthu akuda, linakhazikitsidwa mu 1909, ndipo mmodzi mwa oyambitsa anali W.E.B. Du Bois. M'zaka za m'ma 1930 loya wina, Charles Hamilton Houston, amene ankaphunzitsa malamulo pa yunivesite ya Howard, anakonza njira yodekha. Anayenda kum'mwera ndi kamera akujambula sukulu za ana akuda zodontha ndi za azungu za njerwa. Maganizo ake anali kukakamiza zigawo kuti zikwaniritse kufanana kumene zinalonjeza, podziwa kuti palibe chigawo chikanakwanitsa kumanga zonse ziwiriziwiri. Anayambira pa sukulu za malamulo. Texas inayesa kuzemba potsegula kasukulu m'zipinda zapansi za nyumba ina kuti Heman Sweatt aphunziremo, koma mu 1950 khoti linakana. Houston anamwalira chaka chomwecho, ndipo ntchito inatsala ndi wophunzira wake, Thurgood Marshall.

Milandu imene inagwetsa chigamulo cha Plessy inachokera kwa anthu wamba. Ku Clarendon m'chigawo cha South Carolina boma linkawononga madola 179 pa mwana wachizungu ndi madola 43 pa mwana wakuda, ndipo makolo anayamba ndi kupempha basi imodzi yokha, pamene ana a azungu anali ndi mabasi pafupifupi 30. Amene anasaina chikalata cha mlandu anachotsedwa ntchito ndi kumanidwa ngongole. Ku Farmville ku Virginia mtsikana wa zaka 16, Barbara Johns, anatulutsa sukulu yonse m'makalasi mu 1951 chifukwa ana ankaphunzira m'zisakasa. Pa 17 Meyi 1954 oweruza onse 9 a khoti lalikulu anagamula pa mlandu wa Brown, umene unaphatikiza milandu imeneyi ndi ina, kuti sukulu zolekanitsidwa sizingakhale zofanana.

Koma chigamulo sichiyenda chokha. Mu 1957 bwanamkubwa wa Arkansas, Orval Faubus, anaika asilikali pa chipata kutsekereza ana 9 akuda ku Little Rock, mpaka Pulezidenti Eisenhower anatumiza asilikali a dziko lonse kukawaperekeza m'kalasi. Chaka chotsatira Faubus anatseka sukulu za sekondale za mumzindawo. Kwawo kwa Barbara Johns, ku Prince Edward, akuluakulu anatseka sukulu zonse za boma kuyambira 1959 mpaka 1964, ana a azungu n'kutsegulidwira sukulu zapadera. Patapita zaka 10 chigamulo cha Brown chiperekedwereni, ana akuda ophunzira limodzi ndi azungu kum'mwera kwenikweni sankakwana 2 pa 100 alionse.

Chaka cha 1955 chinaonetsa bwino chimene khoti lopanda voti limakhala. Emmett Till, mnyamata wa zaka 14 wa ku Chicago, anapita kukacheza kwa abale ku Mississippi. Anatengedwa usiku, anamenyedwa, anawomberedwa n'kuponyedwa mumtsinje wa Tallahatchie pomunamizira kuti analankhula mwachipongwe kwa mkazi wachizungu. Mayi ake, a Mamie, anakana kutseka bokosi kuti dziko lione nkhope ya mwana wawo. M'dera limene mlandu unazengedwa anthu akuda ndiwo anali ambiri, koma m'kaundula wa voti munalibe ngakhale mmodzi. Amuna 12 achizungu anamasula Roy Bryant ndi J.W. Milam atakambirana kwa ola limodzi ndi mphindi zochepa. Patangopita miyezi ingapo awiriwo anagulitsa nkhani kwa atolankhani akuvomera kuti anaphadi.

Masiku 381 oyenda pansi

Ku Montgomery m'chigawo cha Alabama mipando yakutsogolo m'basi inali ya azungu. Munthu wakuda ankalipira kutsogolo, n'kutsika, n'kukakwerera khomo lakumbuyo, ndipo madalaivala ena ankanyamuka iye asanakwere. Mipando ya azungu ikadzaza, mzere wonse wa anthu akuda unkayenera kuimirira kuti mzungu mmodzi akhale. Komatu anthu akuda ndiwo anali pafupifupi 75 pa okwera 100 alionse.

Nkhani imakambidwa ngati Mayi Parks anali gogo wotopa amene anangokana mwangozi. Anali ndi zaka 42, anali mlembi wa NAACP mumzindamo kwa zaka zoposa 10, ndipo ankafufuza milandu ya akazi akuda ogwiriridwa ndi azungu. Sanalinso oyamba. Mu Malichi chaka chomwecho mtsikana wa zaka 15, Claudette Colvin, anakokedwa m'basi pa chifukwa chomwecho. Bungwe la amayi lotsogozedwa ndi mphunzitsi Jo Ann Robinson linali litachenjeza kale mfumu ya mzinda kuti anthu adzanyanyala mabasi. Choncho Mayi Parks atamangidwa pa 1 Disembala 1955, Mayi Robinson anachezera usiku kusindikiza timapepala masauzande ambiri, ndipo kutacha ana a sukulu anatimwaza mzinda wonse. A E.D. Nixon, ogwira ntchito m'sitima, anaimbira abusa mafoni. Anasankha mbusa wa zaka 26, mlendo mumzindamo amene anali asanayambane ndi aliyense, kuti awatsogolere. Ameneyo ndiye anali King.

Zimene anapempha poyamba zinali zochepa zedi: ulemu kwa madalaivala, kuti wokhala kale asadzutsidwe, ndi kulemba madalaivala akuda m'misewu ya madera a anthu akuda. Sanapemphe n'komwe kuthetsa kulekanitsa. Akuluakulu a mzinda anakana, ndipo kuuma mtima kwawoko ndi kumene kunapangitsa loya wachinyamata Fred Gray kukasuma kukhoti la dziko lonse kuti lamulo lonse lithe.

Chimene ine ndimachiona kukhala mtima wa nkhaniyi ndi ntchito ya tsiku ndi tsiku imene sinajambulidwe. Anthu pafupifupi 40,000 ankayenera kufika kuntchito m'mawa uliwonse kwa chaka chathunthu. Eni matakisi akuda anayamba kulipiritsa masenti 10, mtengo wa basi, mpaka apolisi anawaopseza. Kenaka anakonza magalimoto pafupifupi 300 a anthu odzipereka, ndi malo okwerera ndi nthawi zake. Apolisi ankawalipiritsa pa timilandu topeka. Makampani a inshuwalansi anathetsa mapangano, mpaka inshuwalansi inakapezeka ku Lloyd's ya ku London. Mayi Georgia Gilmore, ophika, anasonkhanitsa amayi anzawo kugulitsa nkhuku yokazinga ndi makeke, ndalama n'kumapereka pa msonkhano wa kutchalitchi kuti zigulire mafuta. Amayi ogwira ntchito m'nyumba za azungu ankayenda mitunda ingapo mvula ikugwa. Nyumba ya King inaponyedwa bomba mu Januwale 1956, mkazi wake ndi khanda ali momwemo. Atsogoleri pafupifupi 90 anaimbidwa mlandu. Mabasi anayendabe opanda anthu mpaka khoti lalikulu linagamula mu Novembala, ndipo anthu anakweranso pa 21 Disembala 1956. Mayi Parks ndi amuna awo ntchito zinali zitawathera, ndipo mu 1957 anasamukira ku Detroit chifukwa cha umphawi ndi ziopsezo.

Achinyamata anaona kuti akulu akuchedwa. Pa 1 Febuluwale 1960 ophunzira anayi ku Greensboro anakhala pa malo odyera a azungu m'sitolo ya Woolworth n'kukana kuchoka, ndipo m'miyezi yochepa zinafalikira m'mizinda yambirimbiri. Mayi Ella Baker anawalangiza kuti apange bungwe lawolawo, SNCC, m'malo mokhala pansi pa abusa. Ku Nashville a James Lawson ankawaphunzitsa kulavulidwa ndi kumenyedwa osabwezera. Kusabwezerako kunachokera m'chikhulupiriro, komanso inali nzeru ya nkhondo: wailesi ya kanema inali italowa m'nyumba zambiri, ndipo nkhanza zimene kale zinkachitikira mumdima zinayamba kuonekera poyera. Mu 1961 basi ya achinyamata oyera ndi akuda inawotchedwa ku Anniston. Mu Meyi 1963 ku Birmingham ku Alabama mkulu wa chitetezo Bull Connor analumitsa ana a sukulu ndi agalu n'kuwapopera madzi a mipope yozimitsira moto. Mu Juni a Medgar Evers, mtsogoleri wa NAACP ku Mississippi, anawomberedwa pakhomo pawo ku Jackson. Pa 28 Ogasiti anthu pafupifupi 250,000 anasonkhana ku Washington, ndipo patangotha masabata osakwana atatu bomba linapha atsikana anayi m'tchalitchi cha Baptist ku Birmingham tsiku la Mulungu m'mawa.

Boma la ku Washington silinasunthe chifukwa cha chisoni chokha. Anthu akuda pafupifupi 6 miliyoni anasamukira kumpoto ndi kumadzulo pakati pa zaka za m'ma 1910 ndi 1970, ndipo ku Chicago, Detroit ndi New York ankaponya voti imene inkatha kusintha chisankho cha pulezidenti. Kunja nako kunali manyazi. America inkapikisana ndi Soviet Union pokopa mayiko a mu Africa amene ankalandira ufulu, pamene akazembe a mayiko omwewo ankakanizidwa chakudya m'malo odyera pa msewu wa pakati pa Washington ndi New York, monga zinachitikira kazembe wa Chad mu 1961. Pulezidenti Lyndon Johnson anasaina lamulo loletsa tsankho m'malo a anthu onse ndi pa ntchito pa 2 Julayi 1964, kutatsala masiku anayi kuti Malawi akweze mbendera yake.

Kubwerera ku kaundula

Lamulo la 1964 silinathetse nkhani ya voti. Mayi Fannie Lou Hamer a ku Ruleville ku Mississippi anafika zaka 44 osadziwa kuti ali ndi ufulu woponya voti. Mu Ogasiti 1962 anapita ndi anzawo 17 kukalembetsa ku Indianola. Anapatsidwa ndime yovuta ya malamulo a chigawo kuti amasulire, ndipo anauzidwa kuti alephera. Pobwerera apolisi anagwira dalaivala wawo ponena kuti mtundu wa basi ukufanana ndi basi ya sukulu. Usiku womwewo mwini munda umene anaugwirira ntchito zaka 18 anawauza kuti akafufute dzina kapena achoke. Anachoka. Chaka chotsatira anamenyedwa m'ndende ya ku Winona mpaka kuvulala impso moyo wawo wonse. Mu 1964 anafotokoza zonsezi pa kanema pa msonkhano waukulu wa chipani cha Democratic, ndipo Johnson anaitanitsa atolankhani mwadzidzidzi kuti makamera achoke pa iwo. Madzulo ake nyumba za kanema zinaulutsabe umboni wonse. Chilimwe chomwecho anyamata atatu olembetsa anthu, James Chaney, Andrew Goodman ndi Michael Schwerner, anaphedwa mothandizidwa ndi wachiwiri kwa mkulu wa polisi.

Ku Selma ndi madera ozungulira, m'chigawo cha Alabama, anthu akuda a msinkhu woponya voti anali pafupifupi 15,000, koma olembetsedwa anali pafupifupi 300. Mu Febuluwale 1965 wapolisi anawombera Jimmie Lee Jackson pamene ankateteza mayi ake. Pa 7 Malichi anthu pafupifupi 600 ananyamuka wapansi kupita ku Montgomery, ndipo pa mlatho wa Edmund Pettus apolisi okwera pa akavalo anawagwera ndi zibonga ndi utsi wokhetsa misozi. John Lewis, mtsogoleri wa SNCC wa zaka 25, anasweka chigaza. Dziko lonse linaona usiku womwewo, ndipo pa 6 Ogasiti lamulo la voti linasainidwa.

Mphamvu ya lamuloli inali m'kapangidwe kake. Kale munthu ankasuma, n'kudikira zaka, n'kupambana, chigawo n'kupeka msampha wina. Lamulo la 1965 linatembenuza zinthu. Mayeso anaimitsidwa, boma la dziko lonse linatumiza alembi ake kukalembetsa anthu, ndipo zigawo za mbiri yoipa zinaletsedwa kusintha chilichonse chokhudza chisankho zisanapeze chilolezo ku Washington. Ku Mississippi anthu akuda olembetsedwa anali osakwana 7 pa 100 mu 1964. Pofika 1967 anali pafupifupi 60 pa 100. Palibe lamulo lina la nthawiyo limene linasintha zinthu msanga chotero.

Kumpoto kunalibe zikwangwani za tsankho, komabe mabanki ndi boma lomwe anali atajambula mapu osonyeza madera a anthu akuda ngati osayenera ngongole ya nyumba. Malcolm X, mtsogoleri wina wa anthu akuda amene anaphedwa mu Febuluwale 1965, ankalankhulira anthu a m'madera amenewa, ndipo ankati munthu ali ndi ufulu wodziteteza. Patangotha masiku 5 lamulo la voti litasainidwa, chipolowe cha ku Watts ku Los Angeles chinayamba, n'kupha anthu 34. King anapita ku Chicago mu 1966 kukalimbana ndi tsankho la nyumba, anagendedwa mwala kumutu, ndipo anabwerako ndi malonjezo chabe. Pamene anayamba kudzudzula nkhondo ya ku Vietnam ndi kukamba za umphawi, ambiri amene ankamuombera m'manja anamufulatira. Anaphedwa pa 4 Epulo 1968 ku Memphis, kumene anapita kukathandiza ogwira ntchito yotola zinyalala amene ananyanyala ntchito anzawo awiri ataphwanyidwa m'galimoto ya zinyalala. Lamulo loletsa tsankho pogulitsa ndi kuchititsa lendi nyumba linasainidwa patapita sabata imodzi, koma nyumba zimene mabanja anamanidwa kwa zaka 30 sizinabwezedwe. Kafukufuku wa banki yaikulu ya dzikolo wa 2022 anapeza kuti banja lachizungu lapakatikati lili ndi chuma cha madola pafupifupi 285,000, pamene banja lakuda lili ndi pafupifupi 45,000.

Nalo lamulo la voti silinakhale mmene linalili. Mu 2013, Barack Obama ali pulezidenti, khoti lalikulu pa mlandu wa Shelby County linagamula ndi oweruza 5 kwa 4 kuti mndandanda wa zigawo zofunika chilolezo ndi wachikale. Tsiku lomwelo Texas inalengeza kuti iyamba kugwiritsa ntchito lamulo la ziphaso za voti limene khoti lina linali litaletsa. North Carolina inakhazikitsa lamulo lake m'masabata ochepa, ndipo mu 2016 khoti la apilo linalithetsa litapeza kuti aphungu anayamba aitanitsa ziwerengero za mmene mtundu uliwonse umaponyera voti, kenaka n'kudula njira zimene anthu akuda amagwiritsa ntchito kwambiri. John Lewis anamwalira mu 2020 atakhala phungu zaka zoposa 30. Bilu yobwezeretsa chilolezo chija, yotchedwa dzina lake, inadutsa m'nyumba yaing'ono ya malamulo mu 2021, koma ku Senate inakanika.